Shopu ya mabuku akale a nyama ndi tizilombo ku Joni kuno, fumbi ndiye losayamba koma ndikubwererako

Alamu anga amati ndinalodzedwa ine. Akuti munthu wamutu wake sangakwere basi pa Wenela, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, masiku awiri miyendo itatupa, nkudzafika ku Joni kuno kumataya marandi pa mabuku onunkha nkhungu a agulugufe ndi njoka. Ine ndimangoti zikomo alamu, poti iwowo zawo zimathera kubetcha mpira wa ku England ndipo palibe anawanenapo kuti analodzedwa kkkk. Ndiye poti anthu angapo akutchalitchi akhala akundifunsa kuti mabuku amenewa mumawatola kuti, ndati ndingolemba kamodzi za shopu yomwe ndimapitako mwezi ukatha, zokoma zake ndi zowawa zomwe.

Dzina la shopu sinditchula, pali pena pomwe anandikwiyitsa ndipo sindikufuna kuwaipitsira bizinesi madala eni shopuyo chifukwa cha nkhani imodzi. Ofuna kudziwa mundipeze Lamulungu tikaweruka. Ena mwina mukuganiza kuti ndikunena Collectors Treasury ya pa Commissioner Street ija, yomwe inayamba mu 1974, chinyumba chosanja chodzaza mabuku, ayi si imeneyo, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Iyi ndi yaying'ono, zipinda ziwiri ndi kachipinda kapansi, teksi imodzi kuchokera pa renki ya Bree kenako kuyenda pang'ono.

Matendawa ndinawatengera kuntchito. Ine ndimagwira m'gadeni kumayadi a kumpoto uku, ndiye agogo ena achizungu omwe ndinkawasamalira maluwa atati asamukire kumalo osungirako okalamba, ana awo anangolamula kuti zonse za m'galaja zikatayidwe. M'katoni ina munali buku la mbalame, chikuto chitang'ambika, mkati zithunzi zojambula pamanja, mbalame zambirimbiri tsamba limodzi iliyonse ndi nambala yake. Ndinapempha, anati tenga. Usiku umenewo kuchipinda kwanga ndinapezamo nkhwazi, nantchengwa, kakowa, namzeze, ndi pumbwa yemwe tinkamuvutitsa ndi malegeni tili ana, mtima unangoti myaa ngati ndalandira kalata yakumudzi. Linali buku la Austin Roberts, The Birds of South Africa, lomwe linatuluka koyamba mu 1940 ndi zithunzi za Norman Lighton. Roberts ankagwira ntchito ku Transvaal Museum ku Pretoria, anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1948, ndipo langalo linali lija analikonzanso McLachlan ndi Liversidge kuyambira mu 1957. Bukuli limathera pa Zambezi, Malawi mulibemo, koma mbalame sizidinditsa pasipoti pa Mwanza, zambiri ndi zomwe zija.

Tsopano shopuyo. Mukalowa musagwe ulesi ndi chipinda choyamba, mmenemo muli manovelo achikondi, mabuku ophikira ndi a nkhondo za azungu. Zathuzi zili kumbuyo ndi pansi. Kumbuyo kuli mashelefu atatu olembedwa pamanja, ya mbalame, ya nyama, ndi ina yomwe anangounjikapo tizilombo, njoka, nsomba ndi achule pamodzi ngati ndiwo za pamaliro. Pansi ndiye kuli makatoni osatsegula, babu imodzi yokha, fumbi losayamba, ine tsiku loyamba ndinatuluka ndikuyetsemula ngati ndaba fodya wa agogo. Valani za kuntchito osati za kutchalitchi, ndipo foni ikhale ndi moto chifukwa tochi yake muifuna. Eni ake ndi madala achizungu osayankhulayankhula, amangokhala pa kauntala ndi kawailesi kawo, ulendo woyamba anandiyang'ana mmene amatiyang'anira m'mashopu muno, mukudziwa kale, maso pa chikwama. Nditafunsa buku la tizilombo la Skaife ndi pomwe anavula magalasi nkuyamba kucheza. Pano amandipatsa mpando, pena ndi tiyi yemwe. Komanso muli mnyamata wakwathu wa ku Mangochi wonyamula makatoni, ndinamuzindikira akuyankha foni mu Chiyao, iyeyu ndi amene amanditsina khutu katundu watsopano akafika.

Mitengo amalemba ndi pensulo mkati mwa chikuto pakona, ndipo apa ndi pomwe munthu uyenera kuphunzira chiyankhulo chawo apo ayi akumeta wopanda madzi. Mawu oti first edition, kutanthauza buku mmene linatulukira koyamba, ndi amene amakweza mtengo. Buku la Roberts la 1940 lija analisindikiza mobwerezabwereza zaka zotsatira, ndiye ukhoza kuliona lakale nkumaganiza kuti wagwira golide, pomwe ukatembenuza tsamba la mutu kuseri kwake alemba kuti ndi impression, kutanthauza ulendo wosindikizanso, yachisanu kaya yachingati. Kuwerenga ndi chimodzimodzi koma mtengo ndi wosiyana kutalitali. China ndi jekete, pepala lija lokutira chikuto lomwe ife timathamangira kulichotsa nkukutira buku ndi nyuzipepala mmene ankatiuzira aphunzitsi kupulaimale. Kwa otolera mabuku kapepala kameneka ndi ndalama, ngakhale kong'ambika osakataya. Timawanga tabulauni tomwe timatuluka pamapepala akale amati foxing, sitiletsa kuwerenga ayi, koma kwa ife osauka ndi poyambira kunenerera. Ine mabuku anga ambiri ndi opanda jekete, a mawangamawanga, ena ali ndi chidindo cha laibulale, ndipo ndi amenewo omwe umawapeza pa R80, R120, R150. Chidindo cha laibulale chikakhalapo onani kuti pali chinanso chosonyeza kuti laibulaleyo inalichotsa yokha, musamasunge katundu wakuba m'nyumba mapepala anu enieniwo ali okayikitsa kale.

Shelefu ya tizilombo ndi imene imandidyera nthawi. Buku loyamba kugula linali African Insect Life la S.H. Skaife, la 1953, ndipo lilinso lina lomwe John Ledger analikonzanso mu 1979 lokhala ndi zithunzi za kamera. Ndikanati ndilangize munthu wogwira m'gadeni ndikanati ayambe ndi la 1979, ndi losavuta kuona, koma ine ndimakonda lakalelo chifukwa madala Skaife amalemba ngati akukufotokozera pakhonde. Ntchito yathuyi timakumana ndi zinthu zambiri pansi pa masamba, monga chija amati Parktown prawn, chinkhululu chofiira chachikulu chomwe chimalumpha nkukuthira zakuda zonunkha, mbalame zija amati ma hadeda, aja amatisokosa mmamawa ndi amene amachidya. Alamu anga atachiona koyamba funso lawo linali limodzi, kodi chimadyedwa? Ndinapezanso buku la Elliot Pinhey wa ku museum ya ku Bulawayo, la 1972, la agulugufe ausiku akuluakulu aja okhala ndi maso pamapiko. Abale, ine ndakula ndikudya mphalabungu osadziwa kuti zikapulumuka mumphika zimalowa m'dothi nkudzatuluka zili ndi mapiko okongola choncho. Masonja omwe amagulitsa m'mabeseni pafupi ndi ma renki a teksi kuno nawonso ndi a banja lomwelo, amadya masamba a tsanya.

Koma lomwe linandigoneka mochedwa ndi la chiswe. Eugène Marais anali loya komanso mlakatuli wa Chiafrikaans, anakhala zaka ku Waterberg akungoyang'anitsitsa chiswe ndi anyani. Buku lake la chiswe linatuluka mu Afrikaans mu 1934, la Chingerezi lotchedwa The Soul of the White Ant linabwera mu 1937 mwini wake atamwalira kale mu 1936. Iyeyu ankati chulu chonse ndi nyama imodzi, manthu ndiye ubongo wake, agang'a ndi tantchito tija tili ngati magazi oyenda m'thupi. Ankadandaulanso kuti Maurice Maeterlinck wa ku Belgium, munthu woti anapatapo mphoto ya Nobel, anamubera maganizo amenewa nkuwaika m'buku lake la 1926. Ine powerenga ndimangoti eee, nanga si agogo anga ankanena zomwezi, kuti ukakumba chulu nkuchotsa manthu ndiye kuti chulu chafa, ngumbi chaka chamawa iwalani, bowa wa pachulu iwalaninso. Bukuli ndi lokoma koma musalitenge ngati Baibulo, muli zina zomwe ndi maganizo ake chabe. Ndipo dzina loti nyerere yoyera ndi lolakwika, chiswe si nyerere, achibale ake apafupi ndi mphemvu. Izi musawauze anthu ali pakati pa mbale ya ngumbi, ine ndinayesa, akazi anga sanandiyankhule mpaka mawa lake.

Apa pomwepa ndichenjezeretu. Mabuku akalewa ndi okoma kuwerenga ndi kusunga koma malangizo ake ena anatha ntchito. A tizilombo a zaka za m'ma 1950 amakuuza kuti uthire DDT paliponse. A njoka ambiri a nthawi imeneyo amati munthu akalumidwa umange mwendo zolimba, utemere pabala, uyamwe, uthire mankhwala ofiirira aja a permanganate. Madotolo a lero amakana zonsezo, amati thamangirani naye kuchipatala basi. Maina a mbalame ndi tizilombo nawonso ambiri anasintha.

Tsopano chomwe chimandibweretsa kwenikweni. Tsiku lina mnyamata wa ku Mangochi uja anandikodola, akuti akulu tabwerani kuno muone zakwanu. Pansi paja, m'katoni yolembedwa Rhodesia, munali kabuku ka Snakes of Nyasaland ka R.C.H. Sweeney, kosindikizidwa ku Zomba mu 1961. Ndipo iyi ndi nzeru yoti muigwire, mabuku akwathu sumawapeza pa dzina la Malawi, ufufuze pa Nyasaland, pa Rhodesia, pa Central Africa, kapena pa shelefu yomwe amati Africana, chifukwa kuyambira 1953 mpaka 1963 tinali mu chitaganya chija cha Rhodesia ndi Nyasaland ndipo azungu ambiri atachoka kumeneko anatsikira kuno ndi mabuku awo, ana awo ndi omwe akuwataya lero. M'kabuku kangako mwini wake wakale ankalemba ndi pensulo m'mphepete, pa njoka ina analemba mpiri, kutanthauza mphiri, pena nsatu, pena analemba kuti anaiona ku Cholo mmene ankalembera Thyolo nthawi imeneyo. Madala a shopu anati zolembalembazo zimatsitsa mtengo. Ine mumtima ndinati tsitsani ndithu bwana, kwa ine ndi zomwe ndikugulazo. Ndimangoganiza kuti mzunguyu anamufunsa ndani maina amenewa, mlonda, kukhi, kapena wam'gadeni ngati ine.

Funso limenelo linadzayankhidwa ndi buku lina. C.W. Benson anafika ku Nyasaland mu 1932 kudzagwira ntchito m'boma la atsamunda, ndipo iye ndi mkazi wake analemba The Birds of Malawi lomwe linasindikizidwa ndi Montfort Press ku Limbe mu 1977. Ndikuliyang'ana pa kauntala, madala aja anandifunsa ngati ndinamvapo za Jali Makawa. Ndinati ayi, kusukulu sanatiphunzitse. Jali Makawa anali Mlomwe, wobadwira ku Mozambique nkukulira ku Nyasaland, anayamba ngati wantchito wa pakhomo pa Benson, wa kukhitchini, koma anali ndi khutu ndi diso la mbalame loti bwana wakeyo analibe, ndiye anakhala naye zaka zambirimbiri akumusakira mbalame, mpaka anapita naye ku zilumba za Comoros mu 1958. Mu 1964 kumpoto chakumadzulo kwa Zambia Makawa anagwira kambalame komwe palibe anali atakaonapo, ndipo mu 1965 Benson ndi katswiri mnzake Irwin anakatcha Pogoniulus makawai, dzina la Makawa likumveka kumapetoko. Kambalameko kakusungidwa ku museum ya ku Tring ku England, ndipo ndi kamodzi komweko komwe akatswiri ali nako m'manja. Ndinatuluka mu shopu muja ndikuyenda ngati ndakwezedwa pantchito. Munthu wotsuka mbale, ngati ife tomwe tikutsuka ndi kutchetcha kapinga kuno, dzina lake lili mu Chilatini m'mabuku a dziko lonse, koma pachikuto palibepo, uyenera kulisaka mkati. Kuyambira tsiku limenelo buku lililonse ndimayamba kuwerenga tsamba lothokoza lija, kuona ngati atchulamo munthu wakuda ndi dzina lake kapena angoti anyamata anga. Ofuna buku lomwe maina athu a tizilombo ali poyera, dzombe, nkhululu, bwanoni ndi ena, asake Insects and Human Life la Brian Morris la 2004, nkhani yake ndi ya ku Malawi, kungoti si lakale ndiye m'shopu ngati iyi silibwera kawirikawiri.

Zowawa tsopano. Chaka chatha ndinagula buku la agulugufe pa R450, ndalama yoti ndikanatumiza kumudzi ikanagula thumba la chimanga nkutsalako. Kufika kunyumba, kusamba m'manja, kuyamba kuwerenga bwinobwino, ndikuona nambala za zithunzi zikudumpha, kuchoka pa 11 kupita pa 15. Kuyang'anitsitsa pamsana, wina anadula masamba ndi lezala mwaukatswiri, anthu amatero kuti akaike m'mafelemu kukongoletsa pabalaza. Loweruka lotsatira ndinabwerera, kutaya hafu ya tsiku la ganyu ndi ndalama ya teksi, madala aja anangondilozera kachikwangwani ka pakhomo kolembedwa voetstoots, mawu akuno otanthauza kuti wagula mmene chilili, usabwerenso kudzalira. Mxii. Ndinawauza kuti bwana inuyo mukudziwa kuti ine si wobera, ndipo pa pensulo paja simunalembe kuti zithunzi ndi zoperewera. Tinakokanakokana mpaka anavomera kuti nditenge mabuku ena a R300, ndalama ayi. Sindikunena kuti anachita dala, makatoni ndi ambiri ndipo munthuyo ndi wamkulu, koma wogulitsa mabuku odula amayenera kuwerenga zithunzi asanalembe mtengo. Ndiye inu musachite manyazi, khalani pansi pomwepo, tsegulani mndandanda wa zithunzi kumayambiriro, muwerenge chimodzichimodzi ngati mukuwerenga chenji, mapu opinda aja muwatambasule, mununkhizenso ngati linanyowapo.

China chondinyansa ndi mabuku a pansi omwe alibe mtengo. Ukabwera nalo pa kauntala amatsegula kompyuta nkuyang'ana mmene akugulitsira ku London ndi ku America, mapaundi ndi madola, kenako nkukutchulira mtengo woti umangoseka. Buku wafukula wekha m'fumbi, mphuno zatsekeka, ndiye akuuze za London? Njira yake ndi yomwe timachita pa kaunjika kwathu. Osaonetsa kuti wachikonda, tenga anayi kapena asanu, lomwe ukulifunalo uliike pakati, ufunse mtengo wa onse pamodzi, ndipo ukhale ndi kashi m'manja. Mashini a khadi alipo koma kashi imafewetsa mtima. Masiku a pakati pa sabata ndi abwino kuposa Loweruka, chifukwa Loweruka kumabwera madala a magalimoto omwe sanenerera, iwe umaoneka wovuta.

Mukagula musafike nalo pa shelefu pompo. Mabuku a tizilombo amabwera ndi tizilombo take, tija tasiliva toterera ngati kansomba komanso tofumbula mapepala. Ine ndimalikulunga mu pulasitiki, kumanga bwino, nkuliika mu firiza ya kuntchito sabata yathunthu, adona anandiloleza ngakhale poyamba ankaganiza kuti ndasokonezeka, ndipo likatuluka ndimalisiya mu pulasitiki momwemo tsiku lonse kuti lisachite thukuta. Selotepi ayi, imasiya chikasu chosachoka, bola kulisiya long'ambika. Ndipo tizipinda ta kuseri timakhalamo iti, mvula ya matalala ya mu Disembala ikabwera denga limadontha, ndiye mabuku asakhale pansi kapena kutsamira khoma. Mpweya wa ku Joni ndi wouma, mabuku amakhalitsa, nchifukwa chake la ku Zomba la 1961 ukulipeza kuno lili bwinobwino pomwe kwathu mabuku a nyimbo a bambo anga chiswe chinadya nkusiya zikuto zokha. Tsiku lobwerera ndidzagula tiranki yachitsulo, sindingapereke mabuku anga kwa matransipota m'chisaka kuti akawakhalire pa Tete.

Ndiye shopu imeneyi ndi ya ndani? Ngati mukufuna buku la mwana la sukulu mwachangu pitani kwina, muno mutaya tsiku. Ngati muli ndi chifuwa cha mphumu musatsike pansi paja. Koma ngati munakulira kumudzi, munakumbako mbewa, munatolako ngumbi ndi muuni, ndipo nthawi zina kuno mumasowa chokukumbutsani kwanu chomwe si nyimbo za pa foni, tengani R200 mukadzionere. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha lezala lija ndi kompyuta ya ku London.

Mu kabati yagalasi kuseri kwa kauntala muli The Birds of Nyasaland la Charles Belcher, yemwe anali jaji kwathu nthawi ya atsamunda, la 1930, lopanda jekete, msana wotha pang'ono. Mtengo wake sindinena kuopa alamu angawerenge nkukauza akazi anga. Madala aja anavomera leyibayi, ija yolipira pang'onopang'ono, ndapereka kale katatu, mnyamata wa ku Mangochi analembapo kapepala kuti lagulidwa. Zithunzi ndi mapu ndinayang'ana kawiri iwo akuona. Kwatsala R350, ndikalitenga pa 30.